Ufa wa apongozi pa M80

Nkhaniyi ndaisimba kambirimbiri, koma nthawi zonse ndimaidula mutu ndi mchira. Kutchalitchi ndinaipereka ngati umboni, anthu n'kuwomba m'manja. Kumudzi ndinaisimba pafoni ngati mlenje amene wakumana ndi chilombo n'kubwerako wamoyo. Kuntchito ndinangonena kuti ndinali mmodzi mwa anthu amene anagona pa msewu wa M80, ndipo anzanga anandipatsa ulemu umene sindinaukhetsere thukuta. Mbali imene ndimabisa ndi ya ufa. Ndaganiza zoulula ndekha chifukwa mayi akunyumba ayamba kuisimba kukabwera alendo, ndipo iwo akamasimba sasiya ngakhale gaga.

Ndinafika ku Glasgow mu 2016 nditagwira kale chiwongolero zaka 12. Chifunga cha ku Chikangawa mu Juni, chija suona ngakhale boneti ya galimoto yako, ndinali nditadutsamo. Chiweta ndi Khwekhwerere ndinatsikapo ndi mabuleki okayikitsa. Matope a kumidzi ya ku Mchinji mu Febuluwale ndinkawadziwa ngati abale anga. Choncho atandiuza kuti laisensi yakwathu igwira ntchito kuno miyezi 12 yokha, kenako ndilembenso mayeso, ndinaona ngati chipongwe. Tonse timayenda kumanzere, nanga chachilendo n'chiyani? Buku lawo la malamulo a pamsewu, Highway Code, ndinaliloweza ngati katekisimu, ndinakhoza ulendo wachiwiri, ndipo tsiku lomwelo ndinaliiwala lonse. M'bukumo muli ndime 228, imene imatchula zoyenera kunyamula nyengo yozizira: chopalira galasi, tochi, zovala zofunda ndi majombo, majampa, fosholo, chakumwa chotentha ndi chakudya. Ndimeyo ndinkainena pamtima osaphonya.

Musaganize kuti ndinali munthu wosakonzekera. Apa mpamene anthu amandilakwira. Kagalimoto kanga, ka Toyota Yaris kakale kogula kwa munthu, kanali ndi katundu kubuti woti makaniko aliyense wa ku Biwi kapena ku Ndirande akanauvulira chipewa. Munali masipanala, pulayazi, waya womangira ekizosi ikagwa, mphira zodula ku chubu chakale, mathirayango awiri oonetsa apolisi pa rodibuloko, kachidutswa ka sopo komatira thanki ikabooka, ndi chigubu cha madzi cha malita 5 chothira injini ikawira. Ndinakonzekera ndithu. Kungoti ndinakonzekera ulendo wa ku Nsanje mu Okutobala. Kwathu galimoto imafa ndi kutentha, fumbi ndi maenje, ndipo sizinandilowe m'mutu kuti kuli dziko kumene imafa ndi kuzizira.

Amene anayesa kundilowetsa zimenezi m'mutu ndi achikulire ena oyandikana nawo nyumba, opuma pantchito yoyendetsa basi. Tsiku lina mu Novembala 2017 anandipeza ndikutsuka galimoto. Anapisa m'thumba, anatulutsa kandalama kachitsulo ka 20p, n'kukalowetsa m'mizere ya tayala lakutsogolo. Anati mkombero wa kandalamako uyenera kubisika wonse. Ukamaoneka ndiye kuti tayala lafika pamalire a lamulo, omwe ndi mamilimita 1.6. Pa matayala anga mkomberowo unkabisika ngati mwana wobisala kuseri kwa chitseko, miyendo ikuoneka. Anati lamulo ndi lamulo, koma nyengo yozizira munthu wanzeru satsika pa mamilimita 3. Ndinawathokoza ndi ulemu wonse. Mumtima ndinkati: achikulire, kwathu tayala latha likayamba kuonetsa waya, ndipo ngakhale pamenepo limangosamukira kumbuyo, silipita kudzala.

Mawa lake anandibweretsera fosholo yaifupi, bulangeti lakale laubweya, ndi kapulasitiki kopalira galasi. Anandifunsanso ngati m'kathanki ka madzi otsukira galasi ndinathiramo mankhwala aja osaundana. Ndinati eya. Ndinali nditathiramo madzi a pampopi ndi timadontho ta sopo wotsukira mbale. Safunsa anadya phula, koma ine ndinamuposa: ndinauzidwa ndisanafunse, phulalo n'kudyabe.

Kapulasitiki kaja sindinakakhudze. M'mawa wina mu Januwale ndinadzuka mochedwa, ndinapeza galasi lakutsogolo lauma gwa ndi madzi oundana, ndipo ndinaona kuti kupala ndi ntchito ya anthu opanda ketulo. Ndinathira madzi owira. Galasilo linali kale ndi kachilonda ka mwala pakona. Ndinangomva kuti thee, mng'alu n'kunyamuka pakonapo kulunjika pamaso pa dalaivala, mosafulumira, ngati ukundipatsa mpata woti ndiuonerere. Galasi likatenthedwa mwadzidzidzi mbali imodzi, ina ili yozizira, limafutukuka mosiyana, ndipo pamene pali chilonda mpamene limagonjera. Izi anandifotokozera ndi amene anandiikira galasi latsopano, uku akulandira ndalama zimene ndinali nditayamba kusungira matayala.

Kenako kunabwera chimene manyuzipepala anachitcha Beast from the East, chilombo cha kum'mawa. Kumapeto kwa Febuluwale 2018 mphepo inasintha njira. M'malo mochokera kunyanja ya Atlantic monga mwa masiku onse, yonyowa koma yofundako, inayamba kuwomba kuchokera ku Siberia, n'kumatola chinyezi podutsa pa North Sea, n'kudzachikhuthula pa ife. Chimene m'mabuku amati chipale chofewa, ife kuno timangoti sino. Lachitatu pa 28 Febuluwale a Met Office, oona zanyengo, analengeza chenjezo lofiira la chigawo chapakati cha Scotland, kuyambira 3 koloko masana mpaka 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Lofiira ndilo lomaliza pa machenjezo awo, ndipo tanthauzo lake n'lakuti moyo uli pachiswe. Sukulu zinatsekedwa. Ndege zinaima pa bwalo la Glasgow. Nduna ya zamtengatenga panthawiyo, Humza Yousaf, amene pambuyo pake anadzakhala First Minister, ankachonderera anthu kuti asayende.

Ine ndinali ndi ulendo wa ku Stirling.

Mnyamata wina wakwathu, wophunzira pa yunivesite ya kumeneko, anali atangobwera kuchokera kumudzi, ndipo apongozi anga anamusenzetsa katundu wathu: ufa woyera makilogalamu 10, usipa, chambo chowamba, mfutso, ndi zitenje ziwiri za mwana wawo. Anandiimbira Lachiwiri usiku. "Achimwene, chonde. Anzanga ndimakhala nawowa ayamba kufunsa ngati m'nyumba muno mwafa chinthu." Usipa subisika m'chipinda chotenthetsedwa ndi hita. Koma ndisamunamizire mnyamatayo, akanapirira masiku ena awiri. Amene sakanapirira ndine. Ndinali nditatha chaka ndi theka ndikudya nsima ya ufa wa ku South Africa wa m'mashopu, umene umakhutitsa mimba koma mtima n'kukhalabe ndi njala. Ndipo ufa wa apongozi ndinkaudziwa: chimanga cha makolo, chokonola, choviika masiku angapo, choyanika pamphasa munthu atakhala pambali ndi kamtengo kuingitsa nkhuku, kenako kuchigayo. Nsima yake imatsetsereka yokha pakhosi. Mawu akuti kutsetsereka muwasunge.

"Abambo, simunamve pa wailesi?" anatero mayi akunyumba.

"Ndi makilomita 40 okha. Ndikhala nditabwerako 3 koloko isanakwane."

"Ndiye tengani fosholo ija ndi bulangeti." Zinthuzi zinali kuseri kwa chitseko kuyambira pa Khirisimasi, pamene ndinazitsitsa kuti kubuti kulowe zogula.

"Ndikupita kukatenga ufa, osati kukakumba manda."

Sanayankhe. Zaka zonse za banja lathu zinayenera kundiphunzitsa kuti mayiwa akapanda kuyankha ndiye kuti alemba.

Ndinanyamuka cha m'ma 12 koloko nditavala jekete yopepuka ndi nsapato zosongoka za kutchalitchi, poti ndinkakaonekera kwa mwana wasukulu. Mafuta anali pa kota. Ichi n'chizolowezi china chimene ndinabwera nacho, kuthira a lero lokha, poti kwathu thanki yodzaza imaitana obwereka galimoto. Foni inali pa 40 peresenti, chaja ili patebulo kunyumba. Popita msewu wa M80 unali woipa koma woyendeka, ndipo ndinafika ku Stirling ndikudzitama. Ndikanangonyamula katundu n'kutembenuka, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma munthu wochokera kumudzi sumulanda katundu pakhomo ngati wa positi. Kunali tiyi. Kunali nkhani za kuzimazima kwa magetsi, za ntchemberezandonda zimene zinkadya chimanga m'minda, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa. Pamene ndinkatseka buti, 3 koloko inali itadutsa, ndipo chenjezo lija linali litayamba ntchito osandidikira.

Oyamba kundisiya anali maso. Mchere umene amawaza pamsewu umasakanikirana ndi sino n'kukhala matope otuwa, ndipo lole iliyonse yakutsogolo imakumwazira pagalasi. Ndinakoka kotulutsira madzi. Kamota kanalira, madzi osatuluka: madzi anga a pampopi anali atauma m'timapaipi. Mawaipa anangopaka matopewo ngati mayi wozira nyumba. Ndinatsitsa galasi la pambali n'kumatulutsa mkono ndi mpango kupukuta kabowo koonera, galimoto ikuyenda liwiro la ngolo. Buku lija limati pa madzi oundana mtunda woti galimoto iime umatha kuchuluka kakhumi. Ine ndinali pamsana penipeni pa vani yakutsogolo ngati minibasi yolimbirana siteji, chifukwa nyali zake zofiira ndi zokhazo zimene ndinkaona m'dziko lonse.

Tinaima cha ku Haggs, tisanafike pa mlatho waukulu wa njanji wa Castlecary. Malowa ali ndi mbiri yake. Aroma anadutsitsa pomwepa linga lawo, Antonine Wall, cha m'chaka cha 142, kusonyeza pothera ufumu wawo kumpoto. Anangolisunga zaka pafupifupi 20 n'kubwerera kummwera. Akatswiri a mbiri yakale ali ndi zifukwa zawo, ine usiku umenewo ndinapeza changa.

Zimene zinachitika kutsogolo tinadzazimva pambuyo pake. Malole akuluakulu analephera kukwera zitunda, ena anapingasa, ndipo magalimoto owaza mchere ndi okankha sino anasowa podutsa. Mchere umagwira ntchito matayala akamaupondaponda; msewu ukaima, sino imangounjikana pamwamba pake. Magalimoto pafupifupi 1,000 anagona pamsewu umenewo.

Choyamba chimene ndinachita, monga dalaivala woleredwa bwino, chinali kutsika n'kukaika mathirayango anga, kutsogolo ndi kumbuyo, kuchenjeza magalimoto amene anali ataima kale. Pa misewu ikuluikulu ngati M80 buku lija limaletsa kuika thirayango, poti woyenda pansi pamenepo amagundidwa. Palibe anandigunda. Sino inangowakwirira onse awiri, ndipo imodzi sindinaipezenso.

Kutayamba kuda mzere unasuntha pang'ono. Vani yakutsogolo inayenda. Ine ndinaika giya wani n'kuponda mafuta. Matayala analira, galimoto osasuntha. Ndinapondanso kwambiri, poti m'matope a ku Mchinji mwamuna amaoneka ndi phazi. Chimene ndinkachita n'kupukuta sino pansi pa matayala mpaka kusanduka galasi. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa nyali wofika kumene maso sakanafika, onse akudikira ine.

Kwathu zikatere umatsika, umathyola nthambi, umazula udzu, umatola miyala, n'kutsindira pansi pa tayala. Ndinayang'ana uku ndi uku: kuyera kokhakokha. Ndiye ndinakumbukira kuti achikulire aja ananenapo kuti ena amayenda ndi kathumba ka mchenga, kapena timiyala tija amathira m'bokosi la mphaka. Chinthu chouma, chaufaufa, chothira pansi pa tayala. Ndinatsegula buti. Thumba la apongozi linandiyang'ana, inenso ndinaliyang'ana.

Ndikanakonda kunena kuti chikumbumtima chinandigwira dzanja. Sichinandigwire. Ndinamasula mfundo imene apongozi anamanga ndi manja awo, n'kuyamba kuthira ufa kutsogolo kwa matayala akumbuyo, ndi manja awiri, ngati munthu wothira nsembe patsinde pa msolo. Ndinalowa, ndinaponda. Palibe. Nditasuzumira pawindo ndinaona kuti amene akuzungulira ndi matayala akutsogolo. Zaka zonse zija ndinkayendetsa mapikapu, amene amakankha ndi akumbuyo. Kagalimoto aka kamakoka ndi akutsogolo, ndipo ndinali nditakhala nako chaka chathunthu osadziwa. Ndinatsikanso. Ndinathira kutsogolo.

Ukanakhala mgaiwa mwina ukanagwirako, poti uli ndi timisere. Koma uwu unali ufa woyera, wosalala ngati paudala wa mwana. Tayala likamazungulira pamalo amodzi limatenthetsa sino n'kuisungunula, ndipo madzi, ufa ndi chotakasa, mayi aliyense akuuzani kuti chimatuluka n'chiyani. Ndinaphika phala pa M80. Linamwazikira m'zitseko ndi m'magalasi, nditatsika kukaona ndinaterera n'kukhalamo, ndipo paliponse lagwera linkauma nthawi yomweyo.

Apa mpamene panafika bambo wina wa m'vani ya mzere wa pambali, wovala jekete yowala ndi majombo, munthu wooneka kuti anabadwa atakonzeka. Anaunika ndi tochi pansi, anaunika thumba, anaunika ine.

"Ndi mchere umenewu?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Chakudya."

Anakhala chete kanthawi. Anthu a kuno ali ndi ulemu wina wake woopsa: safunsa funso lachitatu. Anatsegula chitseko changa, anasolola timakapeti topondapo, anapala phala lija ndi fosholo yake, n'kutitsindira pansi pa matayala akutsogolo. Anati ndiike giya thu, kilatchi ndisiye pang'onopang'ono, mafuta ndingowakhudza ngati ndikuponda dzira. Kagalimoto kananyamuka mofatsa, opanda phokoso, ngati kakufuna kuonetsa kuti vuto silinali iko. Ndinayenda mamita ngati 30 n'kuimanso kumbuyo kwa vani ija. Pamenepo mpamene tinagona. Ufa wopitirira theka unagula mamita 30.

Bambo uja anabweranso kudzagogoda. Atafunsa za mafuta ndinamulozera muvi, anapukusa mutu. Anati ndizililitsa injini mphindi 10 zokha pa ola lililonse, zongofunditsa m'kati, ndipo ndisanalize ndizipita kumbuyo kukaona ngati sino yatseka ekizosi. Ikatsekeka, utsi umabwerera m'galimoto, ndipo mpweya wake woipa ulibe fungo, munthu amangomva tulo. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mu Juni. Fanizo la mbaulalo ndi langa, ndipo ichi ndicho chinthu chokha usiku wonsewo chimene ndinachimvetsa msanga. Ola lililonse ndinkatsika kukakumba kuzungulira ekizosi ndi sipanala 17. Pa katundu yense uja wa kubuti, ntchito inangopezeka imeneyi.

Mayi akunyumba ndinawaimbira cha m'ma 6 koloko. "Ndili pafupi," ndinatero, mwa chizolowezi cha mtundu wathu, kumene munthu amati wafika ali m'bafa.

"Pafupi ndi pati? Pa TV pano akuonetsa M80."

"Eya, ndi cha komweko."

"Bulangeti lija lili pano. Ndikuliona."

Kuzizira kumafooketsa batire ya foni, ndipo yanga inazima 8 koloko isanakwane.

Kuzizira kwa ku Dedza ndimakudziwa, chiperoni cha ku Thyolo chinandinyowetsapo, koma uku kunali kwina. Kunayambira kuzala zakumapazi n'kumakwera mwadongosolo, khomo ndi khomo, ngati wochita kalembera. Nsapato zosongoka zija zinali zitanyowa kuyambira pa mathirayango. Ndinazivula, ndinakulunga mapazi m'majumbo amene munali mfutso, n'kuzivalanso. Kenako ndinakumbukira zitenje. Chimodzi ndinafunda m'mapewa. Chinacho, cha maluwa akuluakulu achikasu, ndinamanga kumutu ngati duku, n'kuphimba makutu ndi chibwano.

Njala itafika ndinatsegula usipa. Usipa wosaphika umadyeka, koma umabwera ndi mchenga wa kunyanja ndipo umaitana ludzu. Ndinapita kubuti kukatenga chigubu changa cha malita 5. Chinali chitatupa ngati mbuzi yodya jumbo, cholimba ngati mwala, poti madzi akaundana amafutukuka, ndipo chinali chitagona panja masiku angapo a chisanu. Ndinachikhazika pampando wa pambali n'kuchilozetsa hita, tinakhala awiriwiri. Ndipo ola lililonse hita ikayaka inkadzutsa usipa ndi chambo, mpaka m'galimotomo munkamveka ngati msika wa nsomba wa ku Limbe masana.

Cha m'ma 11 koloko ndinaona timatochi tikutsika m'mbali mwa msewu. Anali anthu okhala moyandikana ndi msewuwo, amene anatuluka m'nyumba zawo zofunda atanyamula mafulasiki, mabotolo a madzi ndi mabisiketi, akuponda sino galimoto ndi galimoto. Apa ndiyenera kuvomereza kanthu kena. Kukonzekera kwanga konse kunkadalira chinthu chimodzi chimene sichinali kubuti, chomwe ndi anthu. Galimoto ikafa pa Nkhamenya kapena pa Zalewa, pasanathe mphindi 10 pafika anyamata okankha, wakabaza wodziwa kwa makaniko, ndi mayi wogulitsa chimanga chootcha. Bulangeti la chiyani? Kuno ndinali nditatsimikiza kuti anthu otero kulibe, komabe sindinanyamule chilichonse cholowa m'malo mwawo. Ndinalakwa pawiri: posanyamula, ndi powaganizira choncho.

Mayi wina wachikulire anagogoda pawindo langa. Nditatsitsa galasi, fungo linatuluka n'kumubweza phazi limodzi m'mbuyo. Anaunika: munthu wofunda chitenje, duku kumutu, maso okha, chigubu pampando. Ku Glasgow ndi madera ozungulira, munthu wamkazi amamuitana mwachikondi kuti "hen", kutanthauza nkhuku yathadzi. Ndi mmene anandiitanira. Anafunsa ngati ndili bwino, ngati m'galimoto muli mwana. Anali atayamba kale kuthira tiyi m'kapu, wa shuga wambiri, ndipo anawonjezera bisiketi yachiwiri ponena kuti mzimayi yekhayekha usiku ngati uno n'zomvetsa chisoni. Ndinaika pasikelo umuna wanga ndi bisiketiyo. Ndinagwedeza mutu, osatulutsa mawu. Nditatulutsa ndalama anakana ngati ndamutukwana. Ndinaganiza zomupatsa usipa, koma ndinaona kuti wavutika kale mokwanira.

Za mmene munthu wovala duku amatayira madzi pakati pa magalimoto 1,000 oyatsa nyali, mphepo ya ku Siberia ikuwomba, zimenezo ndipita nazo kumanda.

Mzere unayamba kuyenda kusanache, titakhala maola oposa 12. Ndinapotokola kiyi: tcha, tcha, tcha. Batire ya galimoto nayo imafooka ikazizidwa, pamene injini yozizira imafuna mphamvu zambiri kuti idzuke, ndipo ine usiku wonse ndinasiya mahazadi akuphethira ndi kanyali ka m'kati kali chiyakire, poopa mdima. Mvula ikakuona litsiro sikata. Koma apa ndinaona mpata woti ndionetseko luso lakwathu. Ndinauza bambo wa vani uja kuti angondikankha, ndiidzutsa ndekha ndi giya thu. Anayang'ana pansi, pamene ngakhale kuima kunali kovuta, anayang'ana duku langa, n'kupita kuvani kwake. Anabwera ndi kabokosi kodzutsira batire, chingwe chofiira ku pulasi, chakuda ku chitsulo cha injini, ndipo kagalimoto kanadzuka ulendo woyamba. Dzina sindinamufunse. Ndikukhulupirira kuti iyenso nkhaniyi amaisimba, ndipo sadula kanthu.

Mafuta ndinakawapeza ku Cumbernauld nyali yochenjeza itayaka kalekale. Nditafika pakhomo ndinapeza achikulire aja akuchotsa sino panjira yolowera kwathu, ndi fosholo yomwe ija, imene mayi akunyumba anali atawabwezera. Anaima, anayang'ana zitseko za galimoto zopakika phala louma, anakandako ndi chala, ananunkhiza. Nawonso sanafunse. Anangopisa m'thumba n'kundipatsa kandalama ka 20p.

Mayi akunyumba anayamba andikumbatira, analira pang'ono, anandimasula duku limene ndinali nditaiwala kuti lili kumutu. Kenako ananyamula thumba la ufa ndi dzanja limodzi n'kuliyeza m'mwamba ngati wogula pamsika.

"Amayi anati makilogalamu 10."

"Wina watsala m'njira."

"A kasitomu?"

Bodza labwino chonchi silibwera kawiri, ndipo anandibweretsera okha m'mbale. Koma thalauzi langa linali umboni, kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo. Ndinafotokoza zonse. Anakhala pansi, anaphimba nkhope ndi chitenje chija, mapewa akugwedezeka. Ndinayesa akuliranso. Sankalira.

Masana omwewo, Lachinayi, Nicola Sturgeon, First Minister panthawiyo, anadandaula ku nyumba ya malamulo kuti pa M80 panali malole ambiri amene ulendo wawo sunali wofunikira. Ndinamvera mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, ndipo ndinagwirizana naye mokweza. Mayi akunyumba anali kukhitchini kuvundula nsima ya ufa wotsalawo, ndipo mthiko unaima kanthawi usanayambirenso.

Lamlungu apongozi anaimba. Mwamwambo ine ndi iwo sitichulutsa mawu, ndipo tsiku limenelo mwambowo ndinaukonda kwambiri. Anafunsa ngati katundu wafika.

"Wafika, amayi. Ndipo ufawo unandithandiza kwambiri panjira."

Anati ayamika Mulungu. Ndinapereka foni kwa mwana wawo n'kupita kuchipinda, ndipo ndinkamva kuti akucheza nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Matayala ndinagula sabata yotsatira. Fosholo ndi bulangeti zinabwerera kubuti, pambali pa masipanala, poti amenewo sindinawachotse. Chaka chinacho mnyamata uja anapitanso kumudzi, ndipo anabwera ndi matumba awiri. Lalikulu linali la ufa woyera, lolembedwa dzina la mayi akunyumba. Laling'ono linali la mgaiwa wokhakhala, womangidwa ndi mfundo yomwe ija, ndipo pa kapepala, m'zilembo za mdzukulu wawo wa Sitandade 4, panalembedwa kuti: "Uwu ndi wa galimoto ya akamwini."